Tsiku Limene a Mwakhudzanji Anakhudza Okha

Pakampani pathu, pamene timasindikiza mabuku, makalendala ndi mayeso a masukulu, pali bambo ena amene dzina lawo lenileni amalidziwa ndi akazi awo okha, mwinanso ndi adokotala awo. Ife tonse timawatchula kuti a Mwakhudzanji. Ndiwo amatikonzera makompyuta, ndipo dzinali anadzipatsa ndi pakamwa pawo pomwe. Ukawaitana kuti kompyuta yavuta, sayamba ndi moni. Amaima pakhomo, magalasi atatsetserekera kumphuno, n'kufunsa kuti, "Mwakhudza chiyani?" Ukayankha kuti sunakhudze kanthu, amapukusa mutu ngati dokotala amene wamva chidakwa chikulumbira kuti mowa chinasiya chaka chatha.

Ine ntchito yanga ndi yokonza masamba asanapite ku makina. Desiki yanga inagundana ndi khoma la kachipinda kawo, moti kwa zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikumva kutsokomola kwawo konse, pamodzi ndi matamando amene amadzipatsa akaganiza kuti ali okha. Ndi munthu wamfupi, wa kamimba kaulemu, wosavula tayi ngakhale kutenthe bwanji. M'thumba la malaya awo mumakhala mafulashi atatu ndi kachitsulo komasulira masikuluwu, ndipo thumbalo linatopa kalekale, limangolendewera. Anayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde la sitolo ina, kenako anagula chibuku cha makompyuta chopanda chikuto n'kuchiwerenga mpaka masamba anayamba kuthothoka. Kusukulu ya zimenezi sanapondeko. Chowawa n'chakuti ntchito amaidziwadi. Munthu wodzitama akakhala mbuli umapeza pomusekera, koma awa akanena kuti chavuta ndi chakuti, umakapeza ndi chomwecho, iwe n'kungomeza malovu.

Kunyumba akuti ndi chimodzimodzi. Akazi awo atabwera tsiku lina kudzawapatsira makiyi, anandinong'oneza kuti rimoti ya TV ikadali m'pulasitiki momwe anaigulira, ndipo mwana wawo wamkazi, namwino wathunthu wobaya anthu jakisoni, amapempha kaye asanakweze mawu. "Ife tinazolowera, achemwali," anatero mayiwo. "Kwathu babu likapsa pamakhala mlandu, mboni ndi zonse."

Kachipinda kawo kalibe zenera. Kale tinkasungamo mapepala, koma tsopano mumakhala seva, chikompyuta chimene chimasunga ntchito zonse za makasitomala n'kumazitumiza ku mapulinta ndi ku makina aakulu. Intaneti yathu yonse imadzeranso momwemo. Seva ikangokhala chete, kampani yonse imasanduka malo ochezera. Pachitseko anamatapo pepala la mawu atatu: OSALOWA. OSAKHUDZA. OSAFUNSA.

Munthu mmodzi yekha ankaloledwa kulowamo, ndiye mayi wokolopa, amene tonse, mpaka abwana, timawatchula kuti Azakhali. Ndi mayi wochepa thupi, wosayankhulayankhula, amene amalera ana awo awiri ndi atatu a malemu mng'ono wawo. Ankafika ife tisanafike, ndipo mumadziwa kuti adutsa chifukwa cha fungo la sopo. Vuto linali lakuti Azakhali anali atachenjezedwa kale kawiri, konseko pa mawu a a Mwakhudzanji. Koyamba anazula pulagi ya seva kuti aikepo ketulo. Kachiwiri netiweki inaduka kwa ola limodzi, ndipo a Mwakhudzanji anagamula kuti mopu inagunda chingwe. Abwana athu ndi mayi wachangu, wosakonda kubwereza mawu, ndipo ananena poyera kuti kachitatu sipadzakhalanso zokambirana.

Lolemba lina tinafika n'kupeza zonse zili zii. Kompyuta yanga sinkaona seva, pulinta sinkamva kanthu, ndipo anthu a ku makina anali atakhala pa mabokosi akukamba za mpira. Tinali ndi mayeso a masukulu atatu oti atengedwe madzulo omwewo. Abwana anatulukira akuyenda ngati pansi pakuwotcha, ndipo a Mwakhudzanji anali kale pakhomo la kachipinda kawo akuloza pansi. Simenti inali isanaume.

"Azakhali," anatero, magalasi ali kumphuno, "mwakhudza chiyani?"

Azakhali ndi munthu wosadziwa kunama, ndipo nthawi zina khalidwe limeneli limapweteketsa. Anati mopu inakhudzadi chingwe cha buluu pang'ono, koma anachibwezera pomwe chinali.

"Mwamva nokha, abwana," anatero a Mwakhudzanji, akutambasula manja.

Abwana sanakuwe. Anangouza Azakhali kuti aike ndowa pansi, akakhale pabenchi ya makasitomala, adikire. Zikatsimikizika kuti ndi chingwe, apite kwawo asadzabwerenso. Azakhali anakakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, manja ali pamaondo.

Poti ndine woyandikana nawo, ndinaitanidwa kukagwira tochi. A Mwakhudzanji anazula chingwe cha buluu chija, anachinunkhiza, anachiuzira, n'kuchiponya patebulo monyansidwa. Anatulutsa china chatsopano chotuwa, n'kuchilowetsa mwaulemu wonse kumbuyo kwa seva. Pamenepo pamayenera kuyaka kanyali kobiriwira. Sikanayake. Anazula, analowetsanso, anasintha bowo kumbali inayo, anachigwedeza. Kanyali kanakana.

"Madzi alowa mkati," anatero. "Tochi bwino, achemwali, mukundiunika m'khutu."

Kenako anakhala pampando, n'kuyamba kulemba pa sikirini yawo yakuda ija ya malemba oyera okhaokha, imene amaikonda chifukwa ife sitiimva. Anafunsa kompyuta ngati khadi ya netiweki ilimo, kachitsulo kamene chingwe chimalowamo. Kompyuta inati ilimo. Anaifunsa ngati ikuyankhula nayo. Inati ayi. Anatsegula pamene kompyuta imalemba zonse zimene zaichitikira poyaka, n'kuyamba kuwerenga chala chili pagalasi. Chalacho chinatsika, chinatsika, kenako chinaima. Ndinaona khosi lawo likuyamba kunyowa. Nthawi inali cha m'ma naini.

Ine za sikirini yakuda sindizidziwa, koma nkhope ya munthu ndimaiwerenga. Ndinakankha chitseko ndi phazi.

"Bambo, chachitika n'chiyani?"

"Palibe."

"Palibe wake ndi ameneyu wakutulutsani thukuta?"

Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, n'kuyamba kunong'ona. Akuti Lachinayi abwana ananena mongocheza kuti kukampani ya mnzawo kuli katswiri amene zonse amaika zatsopano zokhazokha. Mawuwo anawabaya. Ndiye Lachisanu poweruka, munthu amene kwa zaka zinayi sanalole chatsopano chilichonse kulowa mu seva, anaiuza kuti itenge zatsopano zonse. Pakati pa zimenezo panabwera kenelo yatsopano.

"Kenelo ndiye chiyani?"

"Mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Yatsopano siyamba ntchito mpaka kompyuta itazima n'kuyakanso. Dzulo magetsi anathima tsiku lonse, mabatire n'kutha. Pamene amayaka, seva yadzuka ndi mtima wina."

"Nanga chingwe chikubwerapo bwanji?"

"Sichikubwerapo," anatero, akuyang'ana kuchitseko. "Khadiyi ndi kenelo sizimvana pazokha. Pamafunika womasulira pakati, kapulogalamu kotchedwa dalaivala. Khadi yathu ndi yachikale, dalaivala wake ndinachita kumupangira ndekha kuti agwirizane ndi kenelo yakale. Yatsopanoyi sikumudziwa."

"Ndiye kawauzeni abwana."

"Achemwali, musapupulume. Ndikakonza msanga, mayeso akayamba kutuluka, abwana mtima utsika, nkhani ithera pomwepo. Palibe achotsedwe, palibe anyozeke. Mphindi makumi awiri basi."

Ndivomere pano kuti ndinagwirizana nazo. Ndinadziuza kuti si nkhani yanga, ndipo ndinkaopa kudana ndi munthu amene kompyuta yanga ili m'manja mwake. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Tsono kuti apange dalaivala watsopano pankafunika kutenga mafayilo pa intaneti, ndipo intaneti yathu inkadzera pa khadi yomwe yafayo. Mankhwala anali mkati mwa nyumba imene kiyi wake watsekeredwa momwemo. Panalibe kuchitira mwina koma kuwoloka msewu kupita kwa mayi wina amene ali ndi kashopu ka intaneti, mayi amene a Mwakhudzanji akhala akumunena kwa zaka kuti makompyuta ake ndi khola la mavairasi. Anakonza tayi, anasankha fulashi imodzi mwa atatu aja, n'kutuluka. Njira yotulukira imadutsa pabenchi. Anadutsa akuyang'ana kudenga ngati pali chimene chikudontha.

Ndinawaonera pazenera akuwoloka. Mayi wa kashopu uja anatuluka mpaka pakhomo kudzawalandira, manja ali m'chiuno, ndipo mawu ake anamveka mpaka kwathu. "Iii, lero kugwa mvula! Akatswiri asowa intaneti? Lowani bambo, koma musakhudze chilichonse!"

Anabwerako ndi fayilo, anailowetsa mu seva, n'kuiuza kuti ipange dalaivala. Seva inayankha kuti singathe popanda mafayilo ena ofotokoza za kenelo yatsopanoyo. Anawolokanso. Atabwera nawo, mafayilowo anati nawonso ali ndi anzawo awiri amene sangagwire ntchito popanda iwo. Anawolokanso kachitatu, ndipo ulendo uno tayi inali itakhotera kuphewa. Atabwerako zinapezeka kuti mwa changu atenga a nambala ina, osiyana ndi kenelo yawo ndi kadontho kamodzi. Ndinamva kudzera pakhoma akuitchula seva mayina amene sindingalembe, munthu woti ndi mkulu wa mpingo.

Ulendo uliwonse ankadutsa pabenchi, ndipo ulendo uliwonse Azakhali ankadzuka pang'ono mwaulemu, n'kukhalanso. Paulendo wachinayi anawafunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo, ndaononga kwambiri?" A Mwakhudzanji anayankha kuti, "Tikuona, mayi," n'kuthamangira kumsewu, njinga yamoto kutsala pang'ono kuwatenga.

Itakwana leveni, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina anaimba foni kachitatu, ndipo abwana chipiriro chinawathera. Anabwera padesiki panga n'kuima kumbuyo kwanga.

"Lembani kalata ya Azakhali."

"Abwana, bwanji tidikire a Mwakhudzanji amalize?"

"Ndadikira maola atatu. Lembani."

Ndinalemba pang'onopang'ono ngati ndaiwala pamene pali zilembo, koma kalata yochotsa munthu ntchito ndi yaifupi, siichedwa kutha. Abwana anaiwerenga, anatambasula dzanja pamwamba pa phewa langa, n'kudina okha kuti isindikizidwe. Pulinta ya pakhonde sinayankhe. Anadinanso. Kenako anakumbukira chifukwa chake, n'kutsonya.

"Chabwino. Ikhale pamzere. Netiweki ikangobwera ituluka yokha, ndidzasaina."

Atangochoka ndinalowa m'kachipinda muja osagogoda. A Mwakhudzanji anali atakhala chogwira mutu, mafulashi onse atatu ali mbwee patebulo.

"Bambo, mphindi zanu makumi awiri zija zabereka ana. Kalata ya Azakhali yalembedwa, ikudikira inu. Mukakonza netiweki, chinthu choyamba kutuluka ndi chimenecho."

Ndinayandikira patebulo n'kupitiriza.

"Komanso ndifunse nawo, ine mbuli. Mtima wakale uja munautaya?"

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Mwati chiyani?"

"Kenelo yakaleyo. Imene imamvana ndi womasulira wanu. Inapita kuti?"

Anandiyang'ana pakamwa pali yasa. Kunapezeka kuti kompyuta ikalandira kenelo yatsopano sitaya yakale. Imaisunga pambali, ndipo poyaka munthu akhoza kusankha yoti idzuke nayo. Zimenezi a Mwakhudzanji amazidziwa kuposa tsiku lobadwa la akazi awo. Koma mantha ndi manyazi zinawathamangitsa kutsogolo kokhakokha, moti kwa maola awiri anawoloka msewu kanayi osaganizako zobwerera m'mbuyo.

"Ndimati ndiyese zimenezo pomaliza," anatero.

"Eetu, ndinadziwa."

Anazimitsa seva, anaiyatsanso chala chili pa batani lina, ndipo panatuluka mizere iwiri. Anasankha wam'munsi. Malemba anathamanga pa sikirini, ine tochi ili m'manja osadziwa chimene ndikuunika. Kumbuyo kwa seva kanyali kobiriwira kanaphethira kamodzi, kawiri, n'kuyaka.

Nthawi yomweyo pulinta ya pakhonde inatsokomola, inakoka pepala, n'kulavula kalata ya Azakhali. Inalavulanso yachiwiri, poti abwana anadina kawiri.

Ku makina kunamveka chimwemwe. Abwana anatenga kalata imodzi pa pulinta ikadali yofunda, n'kubwera nayo pakhomo la kachipinda, cholembera chili kale m'dzanja. Azakhali anadzuka pabenchi n'kuima kumbuyo kwawo chapatali.

"Mwagwira ntchito, bambo," anatero abwana. "Tsono chinali chiyani?" Maso awo anagwera pa chingwe cha buluu chija patebulo. Anachinyamula. Chinali chakale, chakuda ndi fumbi, kogwirira kake kothyoka, chooneka ndithu ngati cholakwa. "Ndi ichi?"

A Mwakhudzanji sankafunika ngakhale kutsegula pakamwa. Kungogwedeza mutu kamodzi kukanakwana. Panalibe wina pakampani ponse amene akanadziwa za kenelo, kupatula ine, ndipo anali ataona kale kuti ine ndi munthu wotha kukhala chete. Ndinawaona akuyang'ana chingwecho, akuyang'ana cholembera cha abwana. Kumene kunali Azakhali sanayang'aneko.

Kenako anatambasula dzanja.

"Tandipatsani, abwana."

Anagwada pasimenti, maondo akulira, tayi ikukhudza pansi. Anazula chingwe chatsopano chotuwa chija, kanyali n'kuzima. Analowetsa cha buluu. Tonse tinayang'ana pamalo amodzi. Kanyali kanaphethira, n'kuyakanso bwinobwino.

"Chingwe chilibe mlandu," anatero ali chigwadire, akuyankhula ndi kumbuyo kwa seva. "Mopu ilibe mlandu. Ndine. Lachisanu ndinaika zatsopano osayesa kaye, ndiye khadi inasiya kumvana ndi kompyuta."

Abwana anawayang'ana ngati sanamve chilankhulocho.

"Inu? Mwakhudza inu?"

"Ine, abwana."

Zimene zinatsatira sindingazilembe zonse. Abwana anayankhula kwa mphindi khumi osapuma, ndipo anthu a ku makina, amene akhala akufunsidwa kwa zaka kuti akhudza chiyani, anasiya ntchito n'kudzadzaza pakhonde ngati kwabwera gulu la zisudzo. Pakati pa mawuwo abwana anafunsa za ulendo wachiwiri uja, umene netiweki inaduka kwa ola limodzi.

"Za ketulo zinali zoona," anatero a Mwakhudzanji. "Zachiwirizo sindinafufuze. Ndinangoona kuti pansi panyowa."

Abwana anang'amba kalata ija pakati, anatumiza munthu kukang'ambanso inzake, n'kutembenukira kwa Azakhali. "Pepani, Azakhali. Tengani ndowa yanu, pitirizani ntchito." Kenako anathamangira ku makina kukaona mayeso, gulu lonse n'kubalalika.

Tinatsala atatu. A Mwakhudzanji anadzuka, anasasa maondo, ndipo ndikuganiza kuti ankayembekeza kuti Azakhali awathokoza. Nanenso ndinkayembekeza zomwezo, kupusa kwanga. Azakhali anayandikira mpaka pakhomo, osalowa.

"Bambo, ndifunse nawo. Munadziwa nthawi yanji kuti si ine?"

Akanatha kunena kuti posachedwapa. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi.

"Cha m'ma naini, mayi."

Azakhali anatembenuka kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala pang'ono kukwana thwelofu.

"Naini," anatero. "Ine pabenchi paja ndimasankha mwana woti ayambe kusiya sukulu. Ndinali nditamupeza kale." Kenako anandiyang'ana ine. "Nanunso achemwali munali momwemo ndi tochi."

Sanakweze mawu, sanalire. Anakatenga ndowa yawo n'kupita kukakolopa ku makina. Ine ndinabwerera padesiki panga nkhope ikuyaka, ndipo tsiku lonselo sindinathe kuwayang'ana.

Mayeso anatuluka pa nthawi yake. Dalaivala uja a Mwakhudzanji anamupanga Lachitatu, seva ili pa intaneti kudzera pa kenelo yakale, ndipo ntchito yonse imene inawawolotsa msewu kanayi inatenga mphindi khumi. Anayesa kawiri asanaisiye. Mayi wa kashopu ka intaneti mpaka pano akawaona amawakuwira kuti malo awo akuwasungira.

Ine ndinakapepesa kwa Azakhali Lachiwiri m'mawa, ndipo anati zatha. A Mwakhudzanji anapepesa kangapo. Anawagulira paketi ya shuga, Azakhali analandira ndi manja awiri, anathokoza. Amapatsana moni tsiku lililonse, amafunsana za ana. Koma kuyambira Lolemba limenelo Azakhali sanapondenso m'kachipinda ka seva. Amakolopa khonde lonse mpaka pamzere wa chitseko, n'kutembenuka. Abwana anayesa kuwalankhula, iwo anangoti, "Ndikolopa paliponse, abwana, ngakhale kudenga. Koma umo ayi." Abwana sanaumirize.

Ndiye masiku ano a Mwakhudzanji amafika molawirira. Amapinda manja a malaya, amalowetsa tayi pakati pa mabatani, n'kuima pakhomo pawo kudikira kuti Azakhali amalize khonde. Kukolopa sadziwa, amasiya madzi m'makona, ndipo ndimawamva kudzera pakhoma akulimbana ndi ndowa. Mopu pakampani pathu ndi imodzi, choncho m'mawa uliwonse amachita kubwereka. Amapempha ndi ulemu wonse, ndipo Azakhali amawapatsa osawayang'ana kumaso.